Romare Bearden ndi Luso Lomata Zidutswa za Ubwana

Munthu pokumbukira ubwana wake saona zonse mwa ndondomeko ayi. Zimene zimadza m'mutu ndi zidutswa chabe, monga khomo la nyumba, dzanja la agogo, kapena kulira kwa sitima usiku. Mmisiri amene anazindikira ichi ndiye Romare Bearden, munthu wakuda wa ku America, amene anabadwira ku Charlotte, m'dera la North Carolina, mu 1911, namwalira mu 1988. Iyeyu anatchuka ndi luso lotchedwa collage, ndiko kudula mapepala, nsalu ndi zithunzi za m'magazini, ndi kuzimata pamodzi kuti zikhale chithunzi chimodzi.

Ntchito yake yoyenera kuipenda pano ndiyo Profile, zithunzi 47 zimene anazionetsa ku New York m'magawo aŵiri, loyamba mu 1978, lachiŵiri mu 1981. Gawo loyamba likamba za ubwana wake ku Mecklenburg County, kwawo kwa makolo ake, ndi ku Pittsburgh, kumene agogo ake aakazi anali ndi nyumba yogonamo antchito a m'mafakitale a chitsulo. Chithunzi chilichonse chinali ndi mawu oŵerengeka amene anawakonza pamodzi ndi bwenzi lake, mlembi Albert Murray.

Mphamvu ya zithunzizi ili pa mfundo yakuti Bearden sanabise misoko. Pamene pepala lakomana ndi linzake paoneka poyera. Dzanja lingakule kuposa mutu, ndipo nkhope imodzi ingapangidwe ndi zidutswa zingapo. Wosadziŵa angayese kuti uku n'kulephera kujambula, koma ndimo mmene mtima ukumbukirira: chimene chinakhudza mwana chimakula, zotsalazo zimazilala. Tsono popeza mipata yasiyidwa, woonayo aidzaza ndi zakezake. Umboni wake ndi uwu, kuti August Wilson, ataona chithunzi cha Mill Hand's Lunch Bucket cha 1978, analemba seŵero lake lotchedwa Joe Turner's Come and Gone.

Komatu chilema chilipo. Bearden anachoka ku Charlotte ali kamwana, ndipo ankangobwererako kukacheza kwa abale. Kotero minda ndi nyumba za m'zithunzi zina, monga Maudell Sleet's Magic Garden, zaŵala ndi maonekedwe okoma a mlendo wokondedwa. Woziona mosasamala angaiŵale kuti m'dzikomo munali malamulo a tsankho, amene anathaŵitsa mabanja ambiri a anthu akuda kunka kumpoto. Chikumbukiro chimasankha, ndipo kusankha kwake sikukhala mbiri yonse.

Mphunzitsi wa ana aang'ono apezapo phunziro. Njira ya chithunzi chimodzi ndi mawu ochepa ndiyonso ya timabuku todzipangira totchedwa zine, timene munthu alemba, namata, napinda yekha, osadikira wosindikiza. Pepala limodzi lopindidwa bwino ndi kudulidwa pakati lipatsa masamba 8, ndipo nyuzipepala yakale, kansanza ndi phala la chinangwa zikwanira. Chofunika n'chakuti mphunzitsi asafulumire kuwongola dzanja limene mwana walikulitsa. Ayambe wamufunsa mwini dzanjalo ndani, pakuti pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Akatha kuimva, afunsenso chimene mwanayo wasiya kunja kwa tsamba.