Kaligo, Nsambo Imodzi Yolankhula

M'zigwa za Kasungu, fodya akapachikidwa m'chigafa ndipo manja atopa ndi kusoka ndindi, usiku umafuna nyimbo. Ndimathokoza oimba kaligo chifukwa ndiwo ankaudzaza usikuwo.

Viola ya ku Ulaya ili ndi nsambo zinayi. Kaligo ili ndi imodzi yokha. Mmisiri amasema kamtengo, amakuta kang'oma ndi chikopa, amakunga nsambo, kenako amaisisita ndi kauta mpaka ilire ngati munthu. Zala zikakhudza nsambo, woimba amaponya mawu, kaligo n'kumuyankha, ngati mayi ndi mwana akucheza pamphasa.

Luso limeneli silinkaphunziridwa m'kalasi. Mwana ankakhala pambali pa amalume ake, khutu lili tcheru, maso ali pa zala, mpaka tsiku limene ankamupatsa uta.

Wofufuza za nyimbo wina, Hugh Tracey, anajambula nyimbo za m'midzi ya Nyasaland mu 1950 ndi 1958, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University ku South Africa. Koma nyimbo yosungidwa siibala mwana. Amene mudakali ndi kaligo m'nyumba, agogo, itanani zidzukulu. Zikomo potisungira mawu amenewa.