Kuyesa Kwenikweni ndi Kuyesa kwa Mayeso: Za Bayoloje m'Sukulu za Machinga ndi Balaka

Mwa maphunziro onse a ku sekondale, Bayoloje ndiyo inayenera kukhala pafupi koposa ndi mwana wa ku Machinga ndi Balaka, pakuti zimene phunziroli likamba ndi zomwe mwanayo wakula ali kuzigwira ndi manja ake: chimanga ndi thonje, nandolo ndi mpunga wa m'madambo a Chilwa, matemba ndi milamba, udzudzu ndi nkhono za m'madzi. Koma munthu akapenya m'makope a ophunzira, apeza kuti kawirikawiri phunziroli liwafikira ngati mlendo wolankhula chilankhulo china, amene ayenera kulandiridwa mwaulemu ndi kuperekezedwa mayeso akatha. Nkhani ino ipenda mbali imodzi yokha ya vutoli, ndiyo kaphunzitsidwe ka zoyesa, ndi mawu amene zoyesazo ziphunzitsidwa nawo.

Nkoyenera kuyamba ndi zimene zachitika bwino. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 1994, ana ofuna sekondale anachuluka, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunakhazikitsidwa sukulu zoyendera zotchedwa CDSS, zambiri mwa izo zopanda chipinda choyesera ndi zipangizo zake. M'chaka cha 2004 Unduna wa Maphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, unayamba ntchito ya SMASSE yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi amene ali kale pa ntchito. Nzeru yake inachokera ku Kenya, kumene ntchito yotere inayamba mu 1998. Kuno inayambira pa koleji ya Domasi, ndipo maboma oyamba kulawako anali a chigawo cha maphunziro cha kumwera chakum'mawa: Zomba, Mangochi, Machinga ndi Balaka. Kuyambira 2008 inafalikira dziko lonse. Chiphunzitso chake chinali chakuti mwana agwire yekha ntchito m'kalasi, ndi kuti mphunzitsi asakhale manja lende podikira zipangizo za ku sitolo, koma apange zake ndi mabotolo, zitini, ulusi ndi nsungwi. Ichi chinali chiphunzitso chabwino ndithu, ndipo mphunzitsi amene anachimvera anachotsa manyazi a umphawi m'kalasi mwake.

Chinkana zili tero, kukhala ndi chipangizo sikupereka funso loyenera kuchiyesera. Chitsanzo chodziwika ndi choyesa cha kumera kwa mbewu, chimene ophunzira onse achidziwa. Mbewu ziikidwa m'mabotolo anayi: loyamba louma, lachiwiri lonyowa, lachitatu la madzi owiritsa othiridwa mafuta pamwamba kuti mpweya usalowe, lachinayi loikidwa pozizira. Funso lichokera m'buku, njira ichokera m'buku, ndipo yankho nalonso lili m'buku momwemo, tsamba lomwelo. Wophunzira wochenjera alemba mathero ake mbewu zisanatupe nkomwe. Tsono zikachitika kuti mbewu ya m'botolo lonyowa yawola, kapena ya pozizira yamera chifukwa kutentha kwa Balaka m'mwezi wa Okutobala sikusiya pozizira paliponse, kalasi liyesa chimenecho ngozi yochititsa manyazi, ndipo onse alemba zimene zikadachitika m'malo mwa zimene zachitika. Pamenepo mwana waphunzira chinthu choopsa kuposa umbuli, ndicho kukhulupirira buku ndi kukana maso ake. Chimodzimodzi ndi ayodini amene adetsa ufa, ndi tsamba lowiritsidwa kuti lionetse sitachi. Izi ndi zionetsero, ndipo zili ndi ntchito yake yophunzitsa dzanja kusamala. Koma kuzitcha kufufuza ndiko kusokeretsa ana. Masitepe a njira ya sayansi nawonso alowezedwa mondondozana monga mayina a mitsinje pa mapu, ndipo mwana angathe kuwatchula onse osaphonya, asanayendepo ngakhale sitepe limodzi.

Kusiyana kwake kuoneka bwino m'ntchito ya Francesco Redi, sing'anga wa ku Italy, amene anafalitsa zofufuza zake m'chaka cha 1668. Masiku amenewo anthu ophunzira omwe ankakhulupirira kuti nyama yowola ibala yokha mphutsi. Redi anaika nyama m'mitsuko, ina anaisiya yosavundikira, ina anaiphimba ndi nsalu yopyapyala yolowetsa mpweya koma yotsekereza ntchentche. Mphutsi zinaoneka pa nyama imene ntchentche zinafikapo basi. Mphamvu ya choyesachi ili pakuti chikadatha kumtsutsa mwini wake: mphutsi zikadaoneka m'mtsuko wophimba, Redi akadagonja. Ana ambiri lero anena kuti nsomba “yachita mphutsi”, ngati kuti yadzipangira yokha, ndipo zitini ziwiri, matemba aawisi ndi kansalu zikwanira kuti kalasi lonse liweruze mlanduwo.

Apa ndi pamene wophunzira chilankhulo ali ndi mawu. Maphunziro a ku sekondale achitika m'Chingerezi, ndipo ku Machinga ndi mbali zina za Balaka ana ambiri ayamwa Chiyao, nalankhula Chichewa pa bwalo la sukulu, nalemba Chingerezi m'kope. Liwu lakuti hypothesis liwafikira lopanda mizu, ndipo aliloweza monga dzina la munthu amene sanamuonepo. Komatu Chichewa chili ndi mneni mmodzi amene anyamula njira yonse ya sayansi m'mimba mwake, ndiye “kuyesa”. Munthu ati “ndimayesa ndi mvula” pamene anali ndi ganizo limene lingakhale loona kapena lolakwa. Amenewo ndiwo maziko a hypothesis. Wogula thonje ayesa pa sikelo, ndipo mmisiri ayesa thabwa ndi chingwe. Uko ndiko kupima. Mlimi ayesa mbewu yatsopano pa mizere iwiri asanaibzale munda wonse. Uko ndiko kuyesa kwa wofufuza. Potsiriza pali kuyesa kwa mayeso, kumene wamkulu adziwa kale yankho nafuna kuona ngati mwana alikumbukira. Cholakwa cha kaphunzitsidwe kamene kalipo ndi chakuti tanthauzo lachinayi lameza atatu enawo. Mphunzitsi amene angathe mphindi khumi kulekanitsa matanthauzo anayiwa ndi ana ake, m'chilankhulo chimene aganizira, adzakhala atawapatsa chogwirira cholimba, ndipo mawu a Chingerezi adzabwera pambuyo ndi kupeza malo okhalapo.

Liwu lina lovuta ndilo control. Ana adziwa kuti choyesa chilichonse chiyenera kukhala nayo, koma owerengeka okha angafotokoze chifukwa chake. Akatswiri a ulimi a ku Mozambique, polankhula Chipwitikizi, atcha chigawo chotere ndi liwu lotanthauza mboni, ndipo Afalansa atero nawonso. Liwu lakuti “mboni” liyenera bwino m'Chichewa, pakuti mwana aliyense wokulira pafupi ndi bwalo la mfumu adziwa kuti mlandu wopanda mboni sugamulika. Mtsuko wosavundikira wa Redi unali mboni yonena kuti nyamayo ikadagwa mphutsi ntchentche zikadaloledwa.

Funso loyenera kuyesedwa silisowa m'maboma awiriwa. Pali chomera cha maluwa ofiira chimene chivutitsa minda ya chimanga ndi mapira, makamaka m'nthaka yoguga, ndipo makolo anachitcha kaufiti. Akatswiri achitcha Striga, ndipo dzina lake la Chingerezi nalonso litchula mfiti. Dzinali silinaperekedwe mwa umbuli. Lisunga chinthu chimene alimi anachiona molondola: chimanga chiyamba kufota ndi kupinimbira kaufiti asanatulukire pamwamba pa nthaka, ngati chalodzedwa ndi chosaoneka. Wophunzira amene afukula phata la chimanga chodwala, natsuka mizu yake mosamala m'beseni, apeza timphukira toyera titamatirira ku mizuyo ndi kuyamwa madzi ndi chakudya. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kufukula kotere ndiko sitepe loyamba la sayansi lochitidwa ndi manja.

Njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chibala zikwizikwi, ndipo zingathe kugona m'nthaka zaka zoposa khumi. Sizimera ndi madzi, mpweya ndi kutentha kokha monga buku linenera za mbewu zina. Zidikira mankhwala otuluka m'mizu ya chomera china. M'chaka cha 1966 ofufuza a ku America anapatula mankhwala oterewa, nawatcha strigol, ndipo anawapeza m'mizu ya thonje. Chodabwitsa ndi chakuti thonje lidzutsa njere za kaufiti koma silimlola kuyamwa, kotero kuti mphukirayo ifa ndi njala. Balaka, amene anapatulidwa ku Machinga mu 1998, ndi boma lolima thonje, ndipo ana ake angathe kuyesa okha nkhaniyi.

Kalasi litenge dothi la m'munda umodzi wogwidwa ndi kaufiti, lilisakanize bwino, ndi kuligawa m'miphika 12. M'miphika inayi mubzalidwe chimanga, inayi thonje, ndipo inayi ikhale yopanda kanthu, yonse ithiriridwe mofanana ndi kukhala malo amodzi. Patapita miyezi iwiri kapena kuposerapo, kaufiti ayembekezeka kutuluka m'miphika ya chimanga, osati m'miphika inayo. Pamenepo ndi pamene phunziro liyambira, pakuti mwana wina adzati thonje lapha kaufiti, ndipo mnzake adzayankha kuti m'miphika yopanda kanthu namonso mulibe kaufiti, tsono thonje lachita chiyani? Maso okha sangathe kuweruza, popeza magulu awiriwo aoneka chimodzimodzi. Ana akasiyidwa kuti alimbane nalo funsoli, mmodzi adzatulukira njira: kubzala chimanga m'dothi la thonje ndi m'dothi la mboni, ndi kuwerenga kaufiti wotuluka m'gulu lililonse. Kusiyana kungakhale kwakukulu, kungakhale kochepa, kapena kosaoneka konse m'nyengo imodzi chifukwa cha kuchuluka kwa njere, ndipo mphunzitsi mwini sadziwiratu. Kusadziwiratu kumeneko ndiko kusiyanitsa choyesa ndi chionetsero. Pamenepanso ana amvetsa chifukwa chake miphika ili inayi m'gulu, pakuti mphika umodzi ungathe kunama. Kaufiti yense azulidwe ndi kutenthedwa asanabale njere.

Ofufuza enieni agwira ntchito motero m'dera lomwelino. Nyanja ya Chilwa itauma m'chaka cha 1968, akatswiri a ku Chancellor College, pamodzi ndi Margaret Kalk, anali pakati pa kuiphunzira, ndipo kuumako kunawapatsa funso limene silinali m'buku lililonse: nsomba zidzachokera kuti madzi akabwerera? Anatsata matemba, makumba ndi milamba m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayo ndi m'madambo ake, ndipo zopeza zawo zinasindikizidwa mu 1979. Nyanjayo inaumanso mu 1995 ndi kuphwa kwambiri mu 2018. Mwana wa msodzi amene anaona kuphwako ali ndi mafunso ake, ndipo kalasi la Bayoloje ndi malo oyenera kuwamvera.

Otsutsa adzati nthawi ndi yochepa, ana ndi ambiri m'kalasi, ndipo mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB likonza afunsa zimene zili m'silabasi. Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo mphunzitsi wosiya silabasi alakwira ana amene makolo awo agulitsa mbuzi kuti awalipirire. Koma palibe amene apempha kuti phunziro lililonse likhale kufufuza. Choyesa chimodzi chenicheni pa chaka, choyendetsedwa pang'onopang'ono kuseri kwa kalasi pamene maphunziro ena ali kupitirira, sichidya nthawi yambiri. Ndipo mwana amene anakanganapo ndi anzake za mboni ya miphika sadzavutika kuyankha funso la control pa pepala, chifukwa alidziwa kuchokera m'kati.

Udindo waukulu uli pa sukulu zosula aphunzitsi. Wophunzira uphunzitsi amene sanayesepo chinthu chimene yankho lake salidziwa sangathe kutsogolera ana m'njira imeneyo, ndipo adzaopa tsiku limene mbewu idzakana kumvera buku. Nkofunika tsono kuti aliyense asanalandire setifiketi yake achite kufufuza kumodzi kochokera m'minda kapena m'madzi a kwawo, alembe zimene zachitikadi ngakhale zitsutse ganizo lake, ndi kuzifotokoza kawiri, m'Chingerezi ndi m'chilankhulo cha ana amene adzawaphunzitsa. Aphunzitsi a zilankhulo nawo ali ndi gawo lawo, losonkhanitsa mayina a zomera, nsomba ndi matenda m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi kufunsa za dzina lililonse chimene makolo anaona pamene analipereka, monga kwachitikira ndi dzina la kaufiti.