Mphindi 18 za Marillion panyanja

Mu 1997, Mark Kelly, woimba kiyibodi m'gulu la Marillion la ku England, adauza otsatira gululi pa intaneti kuti ndalama zopitira kukaimba ku America palibe. Anthuwo adasonkherana okha mpaka kufika madola pafupifupi 60,000, ulendo n'kutheka. Chimbale cha Anoraknophobia cha mu 2001 chidalipiridwa ndi anthu oposa 12,000 chisadajambulidwe n'komwe, ndipo maina awo adasindikizidwa m'kabuku ka chimbalecho. Ambiri nkhaniyi amaithera pa ndalama pomwepa. Ine chimandikoka ndi chimene ndalamazo zidagula: nthawi, komanso ufulu wosafunsidwa ndi kampani kuti nyimbo ya pawailesi ili kuti.

Mverani Ocean Cloud ya pa chimbale cha Marbles cha mu 2004. Imatenga mphindi pafupifupi 18, ndipo idali pa Marbles ya ma CD awiri, imene otsatira adalipiriratu. Ya CD imodzi yogulitsa m'masitolo idalibe nyimboyi. Ikunena za Don Allum, mwamuna amene adawoloka nyanja ya Atlantic yekhayekha popalasa bwato, kupita ndi kubwera. Imayamba mwakachetechete, Steve Hogarth akuimba chapansipansi, ng'oma za Ian Mosley zikuchita kudikira. Namondwe akafika amafikadi, besi ya Pete Trewavas ikugunda pachifuwa, koma sakhalitsa. Bata lotsatira ndi limene limaopsa kwambiri, poti munthu uja akadali pakati pa madzi, kumtunda sikukuoneka.

Kapangidwe kake nako n'kodabwitsa. Oimba asanu a gululi amatsekerana mu situdiyo yawo ya Racket Club ku Buckinghamshire kwa miyezi, kumangoimba zobwera m'mutu, zonse zikujambulidwa. Kenaka amasankha tizidutswa tochepa pa mulu wonsewo. Pa Marbles amene adathandiza kusankha ndi kulumikiza adali Dave Meegan, ndipo adagwira ntchito ngati telala wolumikiza zigamba za chitenje, msoko osaoneka. Ukamamvera sungaloze pamene kachidutswa ka mwezi uno kakumana ndi ka mwezi wina.

Koma mwini luso weniweni ndi Steve Rothery, yekhayo wotsala mwa amene adayambitsa gululi ku Aylesbury mu 1979. Oimba gitala ambiri a nyimbo za mtundu uwu amakonda kuonetsa liwiro la zala. Rothery amagwira liwu limodzi, kulikoka pang'onopang'ono, kulisiya linjenjemere mpaka litazirala lokha, ndiye n'kupita pa lina. Mu Neverland, yotseka Marbles, gitala yake imalowa pamene mawu a Hogarth afika posapitirira, n'kunyamula chimene pakamwa palephera kunena. Nthawi zina Hogarth amachulutsa mawu, ndivomere, koma Rothery sindidamumvepo akuwononga liwu.

Njira imeneyi sidawatsekere khomo la msika. You're Gone, ya pa Marbles pomwepo, idafika pa nambala 7 ku Britain. Chimbale cha An Hour Before It's Dark cha mu 2022 chidafika pa nambala 2, chikutseka ndi Care, nyimbo yaitali yothokoza anamwino ndi madokotala a nthawi ya Covid-19. Oimba ake ndi asanu omwe aja amene akhala limodzi kuyambira mu 1989.