Kabuku ka Ana a ku China m'Manja mwa Mphunzitsi wa ku Nayuchi

Wophunzira wathu wina, amene tinamtuma kukayesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina kufupi ndi Nayuchi, anabwerako ndi kabuku kozolowetsa ana mau ndi malamulo a Cingerezi. Kanalembedwera ana a ku China a zaka 12 kufikira 15. Malangizo ace ali m'zilembo za kwao zimene sitingathe kuwerenga, koma zoyeserera ziri m'Cingerezi. Iye anati, "Aphunzitsi, taonani, m'menemu muli zonse, ndizingotsata tsamba ndi tsamba." Ndakawerenga kawiri, ndipo ndifuna kunena poyera zimene ndapezamo, pakuti mphunzitsi wotopa sacedwa kukhulupirira buku lililonse lomlonjeza mpumulo.

Ubwino wace sindiubisa. Mlembi sathamanga, liu latsopano limabweranso pa masamba otsatira kufikira litakhazikika. Kusamala kotere kuli ndi gwero lace. Boma la China linalamula m'caka ca 2001 kuti Cingerezi ciziyamba m'kalasi lacitatu, ndipo mayeso amene mwana amalemba atatha zaka 9 pa sukulu ndiwo amaweruza kumene adzapite. Mtolo wa mwana wathu supepuka kuposa umenewo: kuyambira Sitandade 5 amamva maphunziro m'Cingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8, kupatula a Cicewa, amafunsidwa m'cinenero comweco. Tsono kwa mwana wa ku Nayuchi, amene pakhomo amayankhula Ciyao kapena Cilomwe, Cingerezi ndi cinenero cacitatu.

Komatu buku la zoyeserera liri ngati mankhwala, amene sing'anga amasakaniza ataona nthenda. Mlembiyu anali kuciza ana a kwao. M'cinenero cao mneni sasintha maonekedwe. Liu la kudya limakhala cimodzimodzi dzulo, lero ndi mawa, ndipo nthawi imadziwika ndi mau ena oima pambali. Ndico cifukwa cace masamba ambiri a kabukuka alikulimbana ndi cinthu cimodzi, kuzolowetsa mwana kuti mneni amasintha. Mwana wathu sadwala nthenda imeneyi. Asanaponde pakhomo pa sukulu amasiyanitsa kale ndadya, ndinadya, ndimadya ndi ndidzadya. Kodi munamvapo kamwana kakuti "ndidzadya dzulo"? Mphunzitsi alembe ndadya pa bolodi, pambali pace I have eaten, m'munsi ndinadya ndi I ate, ndipo cimene kabukuka katambasula pa masamba ambiri cigwira muzu m'mawa umodzi. Acenjere pokha pa mau onga ndatopa ndi wakwiya, amene kwa ife amaoneka ngati ndadya, koma Mngerezi amati I am tired, he is angry. Pamenepa ndipo ana athu amapunthwa, ndipo kabukuka kali cete, pakuti mlembi wace sanamvepo Cicewa.

Pali malo ena pamene nthenda zathu zafanana. Ife sitidziwa a ndi the, iwonso alibe. Mwana wathu amati borrow me your pencil cifukwa alikuganiza "ndibwereke pensulo", ndipo ku China nakonso liu limodzi limanyamula borrow ndi lend. Masamba a zimenezi ngabwino ndithu. Koma pa he ndi she mlembi wadutsa msanga. Kwao mau awiriwa amamveka cimodzimodzi pakamwa koma amalembedwa mosiyana, cotero pa pepala mwana salakwa kawirikawiri. Ife tiri ndi iye yekha, pakamwa ndi polemba pomwe, ndipo mphunzitsi amene sadzaimiritsa mnyamata ndi mtsikana kutsogolo tsiku ndi tsiku adzamva my mother, he is cooking kufikira Sitandade 8. Za liu lathu lakuti kumva, limene Mngerezi analigawa kukhala hear, feel, smell ndi understand, simupezamo kanthu.

Nanga mau osankhidwawo? Muli snow, subway ndi chopsticks. Sindinena kuti mwana wathu asawadziwe konse. Nthawi yao idzafika. Koma mwana wa ku Nayuchi amakhala m'mbali mwa njanji imene inatsegulidwa m'caka ca 1970, yocokera ku Nkaya m'boma la Balaka, kudzera ku Liwonde, kuoloka malire pa Entre Lagos kunka ku doko la Nacala. Amaona sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize. Amadziwa mpunga wa m'madambo, ndi nsomba za m'nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Mpatseni border, coal, wagon, canoe, net ndi flood, ndipo adzakhala ndi kanthu koti anene, pakuti cinthuco anaciona ndi maso.

Colakwa cacikulu koposa ciri m'mafunso. Pafupifupi onse ndi a mtundu umodzi: ciganizo cokhala ndi mpata, ndi mayankho anai oti mwana asankhepo limodzi. Mwana angakhoze kabuku konse osapanga ciganizo cace ngakhale cimodzi, ndiponso waulesi angalase mwamwai. Eni ace a ku China anaciona cimeneci, nacipatsa dzina lakuti Cingerezi cosayankhula. M'kalasi lodzaza ana, mmene mabuku sakwanira, njira imeneyi imakopa mphunzitsi cifukwa kuconga kwace nkosabvuta; koma mwana wofika ku Sitandade 5 ayenera kufunsa ndi kuyankha, osati kuloza cabe.

Kabukuko ndambwezera mwini wace nditapinda masamba a borrow ndi lend ndi a timau tija a ndi the. Ndamuuza kuti akabwerera ku Nayuchi akalembe m'kope zolakwa zimene ana ace amanena pakamwa kwa milungu iwiri, pambali pa ciriconse aikepo mau a Ciyao kapena Cicewa amene mwanayo anali kuganiza, ndipo kopelo adzabwere nalo kuti tidzaliwerenge pamodzi m'kalasi.