Pamene Woyimba Akhala Chete: Gitala ya Sungura ndi Mizu Yake

M'malo achisangalalo a ku Chipadze, komboni ya m'tauni ya Bindura yodziwika ndi mgodi wa nikelo wa Trojan ndi wa golide wa Freda Rebecca, nyimbo ya sungura imafika pachimake pamene woyimba wakhala chete. Magitala amatsala okha kwa mphindi zingapo, ndipo apo ndi pamene ovina amadzaza bwalo. Otsutsa ambiri amathera nthawi pa mawu a nyimbo, koma gawo lopanda mawuli ndilo lofunika kuliunika.

Luso loyimbitsa gitala ya magetsi m'malo mwa pakamwa linatchuka ku America ndi ku Britain. Mu 1958 Duane Eddy anatulutsa "Rebel-'Rouser", nyimbo imene anaiyendetsa pa nsambo zolira mobangula, ndipo chaka chomwecho Link Wray anatulutsa "Rumble". Mu 1960 kunabwera "Walk, Don't Run" ya The Ventures ndi "Apache" ya The Shadows, m'mene Hank Marvin ankaliza Fender Stratocaster momveka nsambo imodziimodzi. Kudzera m'mawailesi ndi m'mbale za galamafoni, achinyamata a ku Rhodesia anaphunzira kakhalidwe ka gulu la anthu anayi: gitala yotsogolera, gitala yoperekeza, bezi ndi ng'oma.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti sungura ndi mwana wa rock and roll. Magazi ake ndi a kanindo wa ku Kenya ndi rumba ya ku Congo, kumene Nico Kasanda anali atasonyeza kale kuti gitala ikhoza kuyankha woyimba. Chimene rock and roll inasiya ndi chida ndi kulimba mtima. Thomas Mapfumo anayamba ndi kuyimba nyimbo za Elvis Presley, koma mu 1974, pa mgodi wa kopa wa Mhangura, gulu la Hallelujah Chicken Run Band linali litayamba kale kusamutsira kulira kwa mbira pa nsambo za Joshua Dube. Gitala inabwera ngati mlendo, koma m'migodi inaphunzira chinenero cha eni mudzi.

Chigawo cha Bindura chili ndi umboni wakewake. John Chibadura anabadwira ku Bindura mu 1957 kwa makolo ochokera ku Mozambique, anadutsira mu Sungura Boys, kenaka anatsogolera Tembo Brothers mpaka imfa yake mu 1999. Alick Macheso anabadwira ku Shamva mu 1968 m'banja lochokera ku Malawi, ndipo anakhwimira mu Khiama Boys pansi pa Nicholas Zakaria, nayenso mwana wa matchona. Sizodabwitsa kuti ana a anthu obwera ndiwo anagwiritsitsa gitala. M'komboni m'mene Chishona, Chichewa ndi Chisena zinkasakanikirana, nsambo zinali chinenero chimene aliyense ankachimva popanda womasulira.

Chimbale cha Macheso cha Simbaradzo, cha mu 2000, ndicho chionetsa bwino mfundoyi. Mu "Mundikumbuke" mawu ndi a Chichewa, ndipo Ashona ambiri amene anaivina sankamva zonse zimene ikunena. Chimene chinawagwira ndi bezi. Macheso anaichotsa kumbuyo kumene inkangosunga kayendedwe ka nyimbo, naiika patsogolo kuti izitsogolera. Apa akufanana ndi Eddy, amenenso anapeza nyimbo pa nsambo zimene ena ankaziyesa zoperekezera chabe. Kufananaku sikutanthauza kuti wina anakopera mnzake. Onse awiri anakumana ndi funso limodzi, nalipezera yankho lofanana.

Kusiyana kulipo, ndipo pena kumavulaza sungura. "Apache" siikwana mphindi zitatu, ndipo mulibe nsambo yolira pachabe. Nyimbo ya sungura imatha kupitirira mphindi khumi, ndipo otsanzira Macheso ambiri amayesa kuti liwiro la zala ndilo luso. Amathamanga pa nsambo popanda kanthu koti womvera achoke akung'ung'udza panjira. Kutalika kwa nyimbo n'koyenera pabwalo lovinira, koma pachimbale kumaulula amene alibe chonena.

Wachinyamata wa ku Chipadze amene wagwira gitala angapindule pomvetsera "Apache" ndi "Mundikumbuke" motsatizana, n'kuwerenga nsambo zimene zikulizidwa mu iliyonse, n'kudzifunsa kuti ndi ziti zimene zikanachotsedwa nyimbo n'kukhalabe yamoyo.