Mawu a Oyilo ndi Silo m'Malangizo Okonzera Injini Zakale

Pali chizolowezi china pakati pa omasulira nkhani za ntchito zamanja chimene chiyenera kuunikidwa. Akakumana ndi liwu lomwe amakaniko adalibwereka kale kuchokera ku Chingerezi, amalikana ponena kuti si Chichewa chenicheni, n'kuikapo liwu lathu la tanthauzo lotambalala. Malangizo a kamangidwe ka injini ya galimoto yakale, itaphwasulidwa kuti ikonzedwe, amaonetsa bwino kuipa kwa mchitidwewu. Taonani chiganizo chomwe womasulira wotere angalembe: "Pakani mafuta pa chotsekera mafuta musanachiike, kuti mafuta asadonthe." Galamala yake ilibe banga, koma wophunzira umakaniko akachitsata akhoza kuononga ntchito ya sabata yathunthu.

Vuto loyamba ndi liwu loti mafuta. Timaphikira mafuta, timadzola mafuta, ndipo munthu akati galimoto yatha mafuta, aliyense amadziwa kuti akunena petulo kapena dizilo. Tsono petulo amatsuka oyilo pachitsulo. Mphira ikakhudzana ndi shafuti yozungulira ili youma, imapsa injini ikangolira, oyilo asanafikepo. Kugaraja amasiyanitsa mafuta, oyilo ndi girizi, ndipo ngakhale wophunzira wa mwezi umodzi sasokoneza. Wolemba akaphatikiza zitatuzi m'liwu limodzi amakhala atachotsa nzeru imene eni ntchito adali nayo kale.

Liwu loti chotsekera nalo likusocheretsa. Limatikumbutsa chitsekerero cha botolo, kapena bawuti ya pansi pa injini yomwe amamasula pokhetsa oyilo wakale. Silo ili ndi ntchito ina: shafuti imadutsa pakati pake n'kumazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi, iyo n'kumaletsa oyilo kutsatira shafutiyo kutuluka kunja. Komanso injini zakale sizidagwiritse njira imodzi. Morris Minor, yomwe idapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, idalandira injini ya A-series mu 1952. Kumbuyo kwa crankshaft ya injiniyi kulibe mphira konse. Kuli mzere wozokotedwa ngati mazinga a bawuti, womwe umabweza oyilo m'kati pamene injini ikuyenda, ndipo n'chifukwa chake kadontho ka oyilo pansi pa galimoto zimenezi si chachilendo. Injini zambiri za ku America za m'ma 1950 zidali ndi silo ya chingwe, imene amaikanikiza mu kangalande n'kudula nsonga zake motsalako pang'ono. Pambuyo pake ndi pamene silo ya mphira yokhala ndi mlomo idafala. Kutcha zonsezi chotsekera n'kuuza wowerenga kuti afune chinthu chomwe mwina injini yake ilibe.

Sindikunena kuti liwu lililonse tibwereke. Mlomo ndi liwu lathu, ndipo likukwana bwino pofotokoza m'mphepete mwa silo momwe mumakhudza shafuti. Chofunika ndi chiganizo chomwe liwulo likhalemo. "Mlomo uyang'ane m'kati" sichikwanira, pakuti wowerenga afunsa kuti m'kati mwa chiyani. Tilembe kuti mlomo ndi kasipiring'i kake ziyang'ane kumene kuli oyilo. Silo ikaikidwa chagada imadontha, ndipo ikakhala ya kumbuyo kwa injini, oyilo amanyowetsa kilatchi. Kuti aikonze ayenera kutsitsanso giyabokosi.

Pomwe Chichewa chili ndi mphamvu kwenikweni ndi pa aneni, ndipo apa omasulira aja amachita ulesi wodabwitsa. Chingerezi chimatha kugwiritsa ntchito mneni mmodzi pa zochita zingapo, ife tili ndi kupaka, kuthira, kudontheza, kuviika ndi kupukuta. Silo ya chingwe amakaniko ambiri amayamba aiviika mu oyilo. Mlomo wa silo ya mphira amaupaka pang'ono ndi chala. Timbale ta bearing amatipaka mbali yokhudza crankshaft yokha, kumsana kwake n'kupukuta kuti kukhale kouma, apo ayi kambale sikakhazikika bwino pamalo pake. Palinso silo zatsopano za PTFE, zomwe nthawi zambiri amaziika zouma pa shafuti yopukutidwa bwino. Pamenepa mneni wolakwika amasintha langizo lonse. Womasulira amene walemba "pakani" paliponse sadaone kusiyana kumeneku, ndipo mkonzi amene walola sadamufunse.

Tikavomera mawu obwerekawa, patsala kalembedwe. M'zolemba timaona oilo, oyilo ndi oyiro. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 amafuna r pambuyo pa i ndi e, choncho wotsata lamulo mosamalitsa angalembe oyiro ndi siro, monga timalembera girizi. Komabe mawu onga fayilo ndi sitayilo adazolowereka kale ndi l, ndipo siro pa tsamba akuoneka ngati liwu lachilendo lomwe makaniko sangalizindikire msanga. Maganizo anga ndi akuti tilembe oyilo ndi silo, y akhalepo polekanitsa o ndi i, ndipo mawuwa alembedwe pamndandanda wa mawu obwereka osatsata lamuloli. Aphunzitsi adzafuna chifukwa chouza ana asukulu, ndipo chilipo: mawuwa amathera ndi l m'chiyankhulo chomwe adachokera, pamene girizi ali ndi r kuchokera komweko.

Chiganizo chija tingachikonze motere: "Pakani oyilo wa injini pang'ono pa mlomo wa silo ya mphira, kenaka muilowetse mowongoka, mlomo utayang'ana kumene kuli oyilo." Liwu loti mafuta lisungidwe pofotokoza za thanki ndi kabureta.