Masiku atatu a Kvothe ndi ngongole yolembedwa m'buku momwemo

Patangopita mitu yochepa m'buku la Patrick Rothfuss lotchedwa The Name of the Wind, lomwe linatuluka mu 2007, amuna awiri akukangana za nthawi. Mmodzi ndi mlembi woyendayenda wotolera mbiri za anthu otchuka, amene m'bukumo amatchedwa Chronicler. Winayo ndi mwini nyumba ya alendo ya Waystone m'kamudzi ka Newarre, bambo watsitsi lofiira amene anthu a m'mudzimo amamudziwa kuti Kote ndipo amangomuona ngati wogulitsa mowa wamba. Mlembi uja wamutulukira: ameneyu ndi Kvothe, katswiri woimba ndiponso wamatsenga, amene dziko lonse limasimba za iye koma likuyesa kuti anafa. Mlembi ali pa ulendo wokaonana ndi munthu wina wamkulu, ndiye akufuna zithe msanga. Kvothe akukana. Akuti mbiri yake ifuna masiku atatu athunthu, ndipo mawu ake alembedwe momwe awayankhulire, osasinthapo ngakhale limodzi. Apo ayi, mlembi anyamule zolembera zake azipita.

Mlembi akugonja, ndipo kugonja kwakeko ndiye maziko a mndandanda wonse wa The Kingkiller Chronicle. Buku loyamba ndi tsiku loyamba. The Wise Man's Fear, lomwe linatuluka mu 2011, ndi tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu dzina lili nalo kale, The Doors of Stone, koma buku lake silinatuluke mpaka lero.

Rothfuss sali yekha pa mlandu wochedwawu. Owerenga a George R.R. Martin akudikira The Winds of Winter kuyambira pomwe A Dance with Dragons inatuluka, m'chaka chomwecho cha 2011, ndipo sewero la pa kanema la Game of Thrones, lochokera m'mabuku akewo, linafika potha mu 2019 bukulo osaoneka. Owerenga a Scott Lynch akudikira buku lake lotsatira kuyambira 2013. Yankho lodziwika kwambiri kwa odandaulawa linachokera kwa Neil Gaiman mu 2009, pomwe anauza wowerenga wina kuti Martin si wantchito wake, ndipo kugula buku loyamba si kusainirana pangano la mabuku otsatira. Pa Martin mfundoyi imagwirako ndithu. Nkhani yake ndi yotambalala, ya mabanja ambiri olimbirana ufumu, ndipo palibe munthu m'nkhanimo amene anakuuza kuti ithera pati. Pa Rothfuss imatsimphina, chifukwa pangano lili m'kamwa mwa mwininkhani, patsamba lomwe unalipira ndalama. Aliyense amene anakhalapo pamoto akuyankha kuti "tili tonse" amadziwa kuti mawuwo sangosonyeza ulemu. Womvera wavomera kukhala mpaka nthano ithe, wosimbanso wavomera kuifikitsa. Wowerenga amakhala pampando wa mlembi uja: nayenso anaimitsa ulendo wake chifukwa anauzidwa kuti masiku ndi atatu.

Chomwe chimalemeretsa ngongoleyi ndi kamangidwe ka nkhani. Rothfuss anatisonyeza mathero tisanaone chiyambi. Munthu amene akusimbayu ndi wogonja kale. Mawu otsegulira buku amafotokoza bata lomwe lili m'nyumba ya alendoyo, n'kulimaliza pa mwininyumba ngati munthu wongodikira imfa. Lupanga lake analipachika pakhoma. Nyimbo m'nyumbamo mulibe, chonsecho m'mbiri yomwe akusimba nyimbo ndi moyo wake. Kunja kuli nkhondo, misonkho yakwera, m'misewu muli zilombo zonga akangaude zomwe zikupha ziweto, ndipo Kvothe amasonyeza kuti zonsezi zili pamutu pake. Chakumapeto kwa tsiku loyamba munthu wogwidwa ndi chiwanda alowa m'nyumbamo n'kupha mmodzi wa makasitomala. Kote ayesa matsenga ake akale, akanika, ndipo amene apulumutsa anthu ndi mnyamata wophunzira za usula, ndi chitsulo m'manja.

Choncho wowerenga safunsa kuti kodi zitha bwanji. Wazionera yekha. Amafunsa kuti chinachitika n'chiyani pakatipa, ndipo funso lotere silingayankhidwe ndi kungoganizira. Dzina la mndandandawu likunena za wopha mfumu, koma m'mabuku awiri onse palibe mfumu yomwe Kvothe wapha, ndipo sitikudziwa n'komwe kuti ndi iti. A Chandrian, omwe anapha makolo ake ndi gulu lonse la oimba oyendayenda lomwe anakuliramo, akadali chinsinsi. Denna, mkazi amene amamukonda, m'nyumba ya alendomo mulibe ndipo chifukwa chake sichinanenedwe. M'nyumba yosungira mabuku ya pa Yunivesite yomwe Kvothe ankaphunzirako muli chitseko chamwala chosatsegulika. Wolemba amene akanangosimba za mnyamata wamasiye wanzeru akukula akanatha kulekera paliponse, ife n'kukhutira. Rothfuss anasankha kuti chokoma chilichonse cha m'mabuku awiriwa chizikoma chifukwa tikudziwa kuti chidzawonongeka. Kuwonongekako kukapanda kubwera, zokomazo zimatsala m'malere.

Tsiku lachiwiri likaonedwa bwino limasonyezanso komwe vuto la wolembayo lingakhale. The Wise Man's Fear ndi chibuku cha masamba pafupifupi 1,000, ndipo kuchimvetsera chikuwerengedwa mokweza kumatenga maola oposa 40. Tsiku la ku Newarre liyenera kuti ndi lalitali ndithu. Koma taonani momwe Kvothe akugwiritsira ntchito maola akewo. Mlandu wake wa ku Imre, womwe mlembi akuufunitsitsa chifukwa ndi wotchuka, akuudumpha ndi mawu ochepa, ndipo mlembi akadandaula iye sakusunthika. Ulendo wa panyanja wopita ku Severen, momwe munali namondwe, achifwamba ndi kusweka kwa chombo, akuupinda m'ndime zochepa. Kenaka akukhalitsa mitu yambirimbiri kwa Felurian, mkazi wa kudziko la mizimu, ndi kwa a Adem komwe akuphunzira kumenya nkhondo. Dzuwa likamalowa pa tsiku lachiwiri, Kvothe wa m'mbiriyo wabwerera ku Yunivesite, akadali mnyamata wosakwana zaka 20, ndalama zayamba kumuyanja, ndipo palibe tsoka lalikulu lomwe lagwa.

Ena amati uku ndi kulephera kwa wolemba kusankha zofunika. Ine ndimakuwerenga ngati khalidwe la wosimbayo: munthu amene akudziwa komwe nkhani ikupita ndipo akuzengereza dala pamalo pomwe anali wosangalala. Mawerengedwe awiriwa angakhale oona onse, ndipo zotsatira zake ndi zimodzi. Mfumu, nkhondo, Denna, a Chandrian, chitseko, kutha kwa matsenga ndi nyimbo, zonse zaunjikidwira tsiku limodzi. Martin akhoza kuwonjezera buku lina ngati nkhani yamukulira, monga anachitira kale pomwe mabuku atatu omwe anaganiza poyamba anasanduka asanu ndi awiri. Rothfuss anadzitsekera khomo limenelo ndi pakamwa pa Kvothe.

Munthu amene amandichititsa chidwi kwambiri m'nyumba ya Waystone ndi Bast, wophunzira wa Kvothe, amene si munthu weniweni koma wa kudziko la mizimu lija. Bast amamukonda mphunzitsi wake kopitirira. Ndi iye amene anafalitsa mphekesera kuti wina abwere kudzamufuna. Usiku wa tsiku loyamba alowa m'chipinda cha mlembi mwakachetechete n'kumuopseza: azimukokera Kvothe ku nkhani za ungwazi, asamufunse za nyimbo kapena chifukwa chomwe matsenga anathera. Pa tsiku lachiwiri asilikali awiri alowa kudzaba n'kumumenya Kote koopsa, ndipo kumapeto timazindikira kuti anawatuma ndi Bast yemweyo, poganiza kuti akapanikizidwa ngwazi yakale idzuka. Sinadzuke. Bast sakufuna Kote amene alipo, wosesa pansi ndi kupukuta mabotolo; akufuna Kvothe amene anamumva m'nkhani, ndipo ndi wokonzeka kumupweteka kuti amupeze. Rothfuss analemba zimenezi kuchedwa kwakukulu kusanayambe, choncho sitinganene kuti ankabwezera owerenga ake. Komabe amene wamvapo momwe ena amamunyozera, kumuwerengera maola omwe wathera pa masewera a pakompyuta kapena pa ntchito zachifundo, amuzindikira Bast mosavuta.

M'chipinda cha Kote muli zinthu ziwiri zomwe owerenga amaziloza kawirikawiri masiku ano. Patebulo pali mapepala okwinyidwa, otsala pomwe anayesa kulemba yekha mbiri yake n'kulephera. Pafupi ndi bedi pali bokosi lamtengo wakuda lokhala ndi maloko atatu, ndipo chakumapeto kwa buku lachiwiri iye mwini ayesa kulitsegula, makiyi ali nawo, koma likana. N'kosavuta kunena kuti apa wolemba ankadzilosera. Ndikuganiza kuti kutero n'kumuwerengera munthu maula ndi nkhani yopeka. Zithunzi ziwirizi zili ndi ntchito yake m'nkhani: zikusonyeza kuti Kvothe sakungobisala kwa adani, wadzitsekera kunja kwa iye mwini, ndipo kusimba pakamwa ndi njira yokhayo yomwe yamutsalira.

Zakunja kwa buku ndi zomwe zinasandutsa kudikira kukhala mkwiyo. Buku loyamba litangotuluka, Rothfuss ankanena kuti mabuku onse atatu analembedwa kale ndipo azituluka chaka ndi chaka. Lachiwiri linatenga zaka zinayi. Mu 2020 mkonzi wake ku DAW Books, Betsy Wollheim, analemba pa Facebook kuti sanaonepo liwu ndi limodzi lomwe la buku lachitatu. Panthawiyi patuluka timabuku tiwiri tapambali, The Slow Regard of Silent Things mu 2014 ndi The Narrow Road Between Desires mu 2023, kachiwirika kakusimba za Bast. Zonsezi munthu angathe kuzikhululukira pa mfundo ya Gaiman ija. Wolemba wachinyamata analonjeza mopupuluma, ndipo kukonza buku si kuwaza nkhuni. Za mu Disembala 2021 ndi zina. Pa nthawi yosonkhetsa ndalama za bungwe lake lachifundo la Worldbuilders, Rothfuss analonjeza kuti zikafika pa mlingo womwe anatchula atulutsa mutu umodzi wathunthu wa The Doors of Stone. Anthu anasonkha, mlingo unakwana. Mawu otsegulira bukulo anawawerengadi poyera, koma mutu uja sunatuluke. Apa panalibe zoti wowerenga anadziganizira yekha pangano: chinthu chinatchulidwa, mtengo wake unatchulidwa, ndipo ndalama zinaperekedwa.